Ndatsitsa mitengo koma anthu akutherabe kwa mnzanga, vuto lili pati?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique. Alemba kuti: "Ndili ndi banka pafupi ndi msika, chino ndi chaka chachitatu. Ndimagulitsa shuga, sopo, mafuta ophikira, mchere, makandulo, makope ndi tina n'tina, ndipo mvula ikayandikira ndimaikako mbewu. Moyang'anizana nane pali mnzanga amene katundu wake ndi yemweyo, mitengo yake ndi yokwererapo, koma anthu amathera kwa iye. Ndinatsitsa mitengo miyezi iwiri yapitayo, palibe chasintha, ndalama ndiye zachepa. Achibale akuti mnzangayo anakhwimira malonda. Mwana wanga akuti tilengeze pa Facebook. Ndichite chiyani?"

Mayi, zikomo polemba. Ndiyambire pamene pakuchucha ndalama: mitengo ija ibwezereni pamene inali, pang'onopang'ono, kuyambira sabata ino. Tiwerengere limodzi. Tiyerekeze sopo mwaoda pa mametikali 40, mukugulitsa pa 50. Phindu lanu ndi 10. Mukatsitsa kufika pa 45, wogula amangoona kuti mwachotsa mametikali 5, mwinanso saona n'komwe, koma inu phindu mwalidula pakati. Kuti mupeze zimene munkapeza kale, muyenera kugulitsa sopo wochuluka kuwirikiza kawiri. Kodi m'miyezi iwiriyi anthu awirikiza kawiri? Mwayankha kale nokha.

Za kukhwimazo sindilimbana ndi achibale anu. Ndingoti pa mabanka amene ndakhalapo n'kumawerenga olowa ndi otuluka, eni ake onenedwa kuti ali ndi mankhwala, mankhwala awo ndinkawaona ndi maso masanasana: amatsegula kusanache, chenje sichiwasowa, ana a makasitomala amawadziwa mayina, ndipo sopo amaudula zidutswa. Mfundo yomalizayi musaiderere, tibwererako.

Cholakwika chimene ambirife timachita n'chakuti timaganiza za katundu, pamene wogula akuganiza za ndalama imene ili m'manja mwake lero. Ophunzira zamalonda akamanena za khalidwe la ogula amatanthauza mafunso ochepa chabe: akugula ndani, ndalama waipeza liti, wamutuma ndani, akuopa chiyani, nanga akachoka akanena zotani kunyumba. Mtengo ulimo, koma si ndiwo mutu. Mukayankha mafunso amenewa, zina zonse, katundu woti muode, muyezo wake, mtengo wake ndi mmene mungauzire anthu, zimabwera zokha pambuyo.

Mu 1857 katswiri wa ziwerengero wa ku Germany, Ernst Engel, atasanthula mmene mabanja a antchito ankagwiritsira ntchito ndalama zawo, anapeza kuti banja likamasauka, gawo la ndalama limene limathera pa chakudya limakula. Mfundoyi sinagwe mpaka lero. Kwathu kuno chimanga ndi nyemba zimachokera kumunda, ndiye kandalama kamene kapezeka kamathera pa zimene munda subereka: mchere, mafuta, sopo, shuga, chigayo ndi kredito ya foni. Ndipo kamabwera ka tsiku limenelo, kuchokera ku ganyu, ku tomato wa kudimba kapena ku nkhuku imene yagulitsidwa m'mawa.

Takhalani panja pa banka yanu cha m'ma 4 koloko madzulo, nthawi imene ndiwo zikuterekedwa. Kamtsikana kafika kakuthamanga, kafumbata makobidi mpaka achita thukuta m'dzanja. Ndi mametikali 25. Amayi ake akauza kuti mafuta a 10, mchere wa 5, zotsalazo sopo. Kakuyenda kakubwereza mawuwo pakamwa kuti kasaiwale. Ngati pashelefu panu botolo laling'ono kwambiri ndi la lita imodzi, ndipo sopo ndi wamtali wosadula, kamtsikanako kadutsa, ngakhale lita yanu itakhala yotchipa kuposa kulikonse mu Ulongwe. Kakaima kwa mnzanuyo, amene wamangiratu mafuta m'timapepala, ndipo sopo waudula ndi mpeni zidutswa zinayi. Kumeneko ndalama yonse ya 25 itsala, mcherewo ndi womwe, umene inunso munali nawo. Simunandiuze ngati mumagulitsa moyeza chonchi, koma ndikukayika.

Taonani phindu lake. Tiyerekeze chigubu cha malita 5 mwaoda pa 700. Mukachigulitsa chathunthu pa 740 mwapeza 40, chitakhala kaye pashelefu sabata yathunthu. Mukachigawa miyezo 80 ya mametikali 10, mwatola 800, ndipo kuchotsapo timapepala ndi madontho otayika, mwatsalabe pamwamba. Apa m'pamene pali chinsinsi cha mitengo yokwererapo ya mnzanu uja. Wogula safunsa kuti lita ndi zingati, amafunsa ngati 10 yakeyo ingagule kanthu. Ndinene pambali kuti nkhaniyi ili ndi mbali yowawa: wosauka amalipira zambiri pa lita kuposa wolemera amene amagula chigubu. Simungazithetse inu, koma mungachite chilungamo pa muyezo. Kapu yoyezera ikhale imodzimodzi lero ndi mawa, kwa mwana ndi kwa wamkulu.

Tsopano nkhani imene ndikufuna tikhalitsepo ndi ya nyengo, chifukwa apa m'pamene mabanka ambiri a kumapiri kuno amafera. Ndalama kwathu siyenda ngati Zambezi amene saphwa. Imayenda ngati timitsinje ta m'mapiri a Domwe, kusefukira kenako kuuma, kungoti iyo imasefukira m'chilimwe n'kuuma m'dzinja.

Kuyambira cha mu Epulo kufikira cha mu Ogasiti, anthu akukolola ndi kugulitsa. Kampani ya Mozambique Leaf Tobacco, imene ili ndi fakitale mumzinda wa Tete, imagula fodya kwa alimi amene inawapatsa zipangizo pangongole ku Angónia, Macanga, Tsangano ndi Chifunde. Soya, chimanga, nyemba ndi mtedza zikupita pa sikelo, mbatatesi za ku Tsangano zikutsika pa malole. Bambo amene walandira ndalama ya fodya si munthu yemwe uja wa mu Febuluwale, ngakhale nkhope ndi yomweyo. Wadikira chaka chathunthu, ndipo mumtima analemba kale mndandanda: malata, njinga, mwina njinga yamoto, sola, zitenje za amayi, bulangete poti Juni ndi Julayi kuno kumazizira koopsa. Munthu ameneyu sakusaka chotchipa. Akufuna cholimba, ndiponso, tisabise, akufuna anthu a m'mudzi aone kuti chaka chino walima. Mukamuonetsa timapepala ta mafuta a 10 mwamunyoza. Muonetseni chigubu, belo la shuga, ndowa, mapoto. Ndipo muwerengereni zonse pamodzi n'kumuchotserako pang'ono pa mtengo wa zonsezo, apo ndiye kutsitsa kumagwira ntchito, chifukwa iye akuona ndi maso ndalama imene yabwerera m'thumba.

Okutobala mpaka Disembala maganizo onse ali kumunda: mbewu, feteleza, makasu, ndi kandalama ka Khirisimasi. Kenako kumabwera miyezi yolimba. Sukulu m'dziko lino zimatsegulira cha kumapeto kwa Januwale kapena kumayambiriro kwa Febuluwale, nthawi yomweyo imene nkhokwe zikupenya pansi. Kholo likufuna makope ndi zolembera koma ndalama ndi ya ganyu. Apa kope limagulidwa limodzilimodzi, shuga pa supuni, kandulo imodzi. Banka imene imaoda katundu wofanana chaka chonse imapezeka ili ndi mapoto mu Febuluwale ndi timapepala tokhatokha mu Juni, ndipo mwini wake amati malonda avuta.

Pali gulu lina limene ndalama yake siyendera mvula: aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi ogwira ntchito kuboma. Awa amagula rancho, katundu wa m'nyumba wa mwezi wonse, pakutha pa mwezi, ndipo pofika pakati pa mwezi amayamba kulankhula motsitsa mawu. Palinso ophunzira a pa yunivesite ya UniZambeze amene amaphunzira zaulimi pa Ulongwe pomwepo, ogula pang'ono koma tsiku lililonse, foni ili m'manja. Ku Moatize, kumene migodi ikuluikulu ya malasha inayamba kutulutsa mu 2011, kapena pamsika wa Kwachena mumzinda wa Tete, gulu la amalipiro ndi lalikulu, ndipo wamalonda wa kumeneko amawerenga masiku a mwezi kuposa miyezi ya chaka. Inu muyenera kudziwa kuti pa anthu 10 odutsa pakhomo panu, angati ndi a kumunda, angati ndi a malipiro. Simungawasangalatse onse ndi mpamba wa banka imodzi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Sankhani gulu limene likhale msana wa malonda anu, enawo akhale owonjezera.

Chinthu china chimene chimayendetsa wogula ndi mantha, ndipo ichi chingakhale chifukwa chimene kutsitsa kwanu kwakubwezerani m'mbuyo. Akatswiri awiri a za maganizo a anthu, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, anaonetsa mu 1979 kuti kutaya chinthu kumamupweteka munthu kwambiri kuposa mmene kupeza chinthu chofanana nacho kumamusangalatsira. Kahneman anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2002. Agogo athu akanati sanatiuze chachilendo. Taonani mlimi akamagula mbewu ya chimanga. Amatembenuza paketi, kuyang'ana msoko ngati unasokedwanso, kupukuta njere pa chala kuti aone ngati utotowo ukuchoka, kufunsa kuti mwaitenga kuti. Sakuganiza za mametikali 20 amene angapulumutse. Akuganiza za munda wonse umene ungapite pachabe, popeza mbewu yabodza imadziwika mvula itapita kale. Kwa munthu wotere, mtengo wotsika kuposa wa anzanu onse ndi chenjezo. Mumtima amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. N'chimodzimodzi mabatire, mankhwala a mbewu zosunga, ngakhale mafuta ophikira: chikatchipa mwadzidzidzi, anthu amayamba kunong'onezana kuti chatha masiku kapena chasakanizidwa.

Mankhwala a mantha ndi umboni. Mbewu muode kwa ogulitsa ovomerezeka ndipo lisiti likhale poti wofunsa aliwone. Ngati muli ndi kamunda m'mbali mwa msewu, dzalanimo mizere ingapo ya mbewu imene mumagulitsayo, anthu adzagula ndi maso chaka chamawa. Batire muyesereni munthu mu tochi asanachoke. Mitengo ilembeni poonekera, chifukwa wogula wamanyazi safunsa mtengo pagulu kuopa kuchoka chimanjamanja anthu akuona, amangopita kumene akuudziwa kale. Kulemba mitengo, sikelo yoona ndi kuchotsa katundu wotha masiku ndi zimenenso oyendera malonda a boma amayang'ana, ndipo dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula kuyambira mu 2009. Koma ngakhale oyenderawo atapanda kubwera, amayi a pachitsime amayendera tsiku ndi tsiku, ndipo chigamulo chawo chilibe apilo.

Mufunsenso kuti wasankha ndani. Kawirikawiri wofika pa banka si amene wasankha. Mwana watumidwa, wasankha ndi mayi ake, ndipo anamuuza kuti ukagule kwa auje. Mukamubera mwana chenje kapena kumupatsa sopo wophwanyika poti ndi mwana, mwataya nyumba yonse osadziwa. Mukamumangira bwino katundu, chenje n'kumukulungira pakapepala, mayi ake adziwa kuti kwa inu angatume ngakhale wa zaka 6. Pa feteleza ndi malata wolipira amakhala bambo, koma nthawi zambiri nkhaniyo inakambidwa kale kunyumba usiku. Pa zitenje amayi amabwera awiriawiri, ndipo amene muyenera kumukhutiritsa ndi mnzakeyo, amene sakugula.

Nanga basela? Apa ndiye pali nzeru imene makolo anatisiyira. Kuchotsa mametikali 5 pa mtengo munthu amaiwala asanafike kunyumba, ndipo mawa amauona ngati mtengo wake weniweni. Koma kadzanja ka mchere kowonjezera, kapena switi imodzi ya mwana, kamakutayitsani zochepa kuposa pamenepo, ndipo kamakumbukika poti ndi mphatso. Basela mungamupatse lero, mawa ayi, popanda wodandaula. Mtengo mukautsitsa, kuukwezanso ndi nkhondo, monga muonere masabata akubwerawa.

Ngongole ndi nkhani yovutirapo. Ndikukhulupirira kuti mnzanuyo ali ndi kope la ngongole, ndipo mbali ina ya anthu amene mumawaona kwa iye ndi omangidwa ndi kopelo. Mphunzitsi amene anathandizidwa pa tsiku la 20 mwezi uli pakati sangakagule rancho kwina malipiro akatuluka, manyazi amugwira. Koma ngongole yagwetsa mabanka ambiri kuposa mpikisano. Ngati muyamba, ikhale ya anthu ochepa amene tsiku la ndalama yawo mukulidziwa, ikhale ndi malire, ilembedwe iwo akuona, ndipo yakale isanabwezedwe yatsopano isatuluke. Ya achibale ndiyo yoopsa kwambiri, poti imalowa ngati ngongole n'kutuluka ngati thandizo. Pa chenje, musalole munthu abwerere chifukwa mulibe makobidi. Landirani ndalama za pafoni za e-Mola ndi M-Pesa, nambala ilembedwe pakhoma.

Musaiwale kuti wogula wa ku Angónia ndi Tsangano ali ndi mitengo iwiri m'mutu. Malire a Malawi ali pafupi, msewu wa pakati pa Dedza ndi Ntcheu umayenda m'malire mwenimweni, ndipo anthu amadziwa mtengo wa ku Lizulu monga adziwira wa pa Ulongwe. Ambiri mwa akuluakulu a lero anakulira kutsidyako nthawi ya nkhondo, n'kubwerera pambuyo pa mgwirizano wa mtendere wa 1992, ndipo ndimaona kuti ena anabwera ndi chizolowezi cha katundu wa kumeneko, moti amamutchula ndi dzina. Kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu za mbali zonse ziwiri imasokonekera kwa masabata angapo, ndipo chimene chinali chotchipa uku chimakhala chotchipa uko. Pa katundu amene anthu angathe kukatenga okha kutsidya ndi njinga, musalimbane nawo pa mtengo. Limbanani pa zimene zikufunika lero lomwe, ndiwo zili pamoto.

Musaganize kuti izi ndi nzeru za mabanka okha. Kampani ya mafoni ya Movitel italowa m'dziko lino mu 2012, inapeza makampani awiri atakhazikika kale m'mizinda. Siinayambire kulimbana nawo kumeneko. Inakaimika nsanja kumidzi ndi kutumiza ogulitsa khomo ndi khomo, kwa anthu amene ena ankawaona ngati alibe ndalama. Taonani lero foni za m'midzi ya kwanu. Kampani ya Cervejas de Moçambique nayo mu 2011 inatulutsa Impala, mowa wa chinangwa wotsika mtengo, poona kuti pali anthu ambiri omwa mowa wofulula kunyumba amene mowa wa 2M sangaukwanitse, ndipo pambuyo pake inatulutsanso wa chimanga. Onani kuti sanatsitse mtengo wa 2M. Anapanga chinthu china cha thumba lina. Kudula sopo zidutswa zinayi ndi nzeru yomweyo.

Za Facebook, mwana wanu sakulakwa kwenikweni, koma funsani kuti amene mukufuna kuwakopa ali kumeneko kodi. Mayi wotuma kamtsikana kaja sasankha banka pa intaneti. Ophunzira ndi aphunzitsi mungawapeze, makamaka pa WhatsApp: kuwauza kuti shuga wafika, kapena kulandira mndandanda wa rancho n'kuwamangiratu. Zimenezo n'zaulere, yesani. Kulipira ndalama kuti mulengeze, ayi, pakadali pano. Ngati mudzakhale ndi mbewu yambiri mu Okutobala, uthenga wa m'Chinyanja pa wailesi ya m'dera udzafika kutali kuposa foni. Ndipo popeza malonda ndi m'maso, yambani ndi kutsogolo kwa banka: katundu woyenda kwambiri aonekere ali pamsewu, fumbi lipukutidwe, inuyo nkhope ikhale kwa odutsa osati pa foni.

Ntchito imene ndikukupatsani ndi iyi. Tengani kope limodzi mwa amene mumagulitsawo. Kwa masabata awiri, aliyense wofika mulembe nthawi, ngati ndi mwana, mayi kapena bambo, chimene wafunsa, ndi ndalama imene anali nayo. Chofunika kwambiri ndi tsamba la amene achoka osagula: anafuna chiyani, ndipo chinalepheretsa n'chiyani, kusowa kwa katundu, kukula kwa muyezo, chenje kapena mtengo. Musadalire kufunsa anthu kuti bwanji simugula kwa ine, chifukwa mwaulemu wathu adzakuyankhani kuti tibwera mawa. Lembani zimene achita, osati zimene anena. Tsiku limodzi la msika muike mwana wanu pa banka, inu mukhale chapatali n'kumaona zimene anthu akutuluka nazo kwa mnzanuyo, zazikulu bwanji, nthawi yanji. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Masabata awiriwo akatha, werengani tsamba la ochoka osagula, mutenge zifukwa ziwiri zimene zabwerezedwa kwambiri, mukonze zimenezo zokha ndi ndalama ya oda yotsatira. Pokweza mitengo ija, yambani ndi katundu amene anthu sauloweza mtengo, monga makandulo ndi mabatire, shuga ndi mafuta zikhale zomalizira. Mukatero mundilemberenso, mundiuze zimene zatuluka m'kopemo, makamaka za pakati pa 4 koloko ndi 6 koloko madzulo.